Tikusowa Munthu Mmodzi ku Wirrindal

Wirrindal
26 Juni 1995

Wokondedwa mwana wanga Neville,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi Lorraine ndi ana. Ine ndili bwino, kupatula khutu lakumanzere lomwe lasiyiratu ntchito. Usamandiyimbire lamya, ndimangomva theka la mawu, theka linalo ndimapeka ndekha. Mwezi uno mvula yagwa mamilimita 31. Tirigu wa mkulu wako Des wamera bwino mbali ya kumpoto. Nkhosa zaswa ana 412, ndipo 23 afa ndi chisanu.

Kalata yako yomaliza inafika pa 3 Febuluwale. Inali ya mizere khumi ndi inayi, kuwerengera ndi dzina lako lomwe. Undiuzeko za ana, afika kalasi yanji?

Nkhani ya mpira wathu uja, wowakha ndi manja n'kumenya ndi mwendo, ili motere. Chaka chatha akuluakulu a ligi anaika lamulo lakuti timu ikalephera kuimika anthu khumi ndi asanu ndi atatu m'bwalo lipenga lotseka chigawo choyamba lisanalire, yagonja osasewera. Ikalephera katatu m'chaka chimodzi, dzina lake lifufutidwa, ndipo otsalawo akalowa timu ya tauni yoyandikana nayo. Kwa ife ndiye kuti Mount Garvie. Talephera kale kawiri, pa 13 Meyi ndi Loweruka lapitali.

Tinayamba chaka ndi amuna 23. Awiri a kwa Nitschke anagulitsa munda n'kusamukira ku Adelaide. Wa kubanki anapita pamodzi ndi bankiyo. Wina anathyoka phewa atagwa pa thirakitala. Wina mkazi wake anamutenthera nsapato zampira mu mbaula, ndipo sindimunena mkaziyo, ali ndi ana anayi. Tatsala khumi ndi asanu ndi atatu ndendende. Mmodzi akangogwidwa chimfine, basi. Loweruka lija anali Col Petschel, ng'ombe yake inavutika pobereka ndipo sakanaisiya.

Chino ndi chaka changa cha 41 ndikusunga nthawi ya mpira ndi kuliza lipenga m'kachipinda kapamwamba kaja ka pabwalo. Makwerero akadali khumi ndi anayi. Masiku ano ndimapitako m'mawa uliwonse kukatsegula windo kuti mabuku asachite nguwi. Nkhungu imakhala itagona pabwalo mpaka pachiuno cha munthu, mitengo ya zigoli ikuoneka ngati yaima pamadzi. Ndikakhala chete kanthawi, amatuluka. Ndikunena timu ya 1958, yomwe inatenga chikho. Sachita phokoso. Amathamanga mu nkhungumo miyendo yosaoneka, mpira ukuyandama pang'onopang'ono kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo. Malemu abambo ako avala nambala 9, akuthamanga chopendekera kumanzere monga ankachitira. Ndimawawerenga, ndipo nthawi zonse amakwana khumi ndi asanu ndi atatu. Dzuwa likafika pamwamba pa nkhokwe za tirigu amasungunuka, pabwalo n'kutsala zinkhwe zokha zikutola udzu.

Tsiku la chikho lija magalimoto ozungulira mpanda anali 340, ndipo chigoli chikalowa mahutala ankamveka mpaka kumanda. Pa masewero athu apitawa ndinawerenga 27.

Sindikukupempha kanthu. Ndangokupatsa manambala, poti kusukulu unkawamva bwino ukafuna.

Mayi ako,
Thelma Nuske


Port Hedland
9 Julaye 1995

Amayi,

Moni wochokera kwa tonse. Kalata yanu ndalandira ndipo ndaiwerenga kawiri, kachiwiriko ndili ndi botolo m'manja, poti manambala anu amafuna mphamvu. Tonse tili bwino. Janine ali ndi zaka khumi ndi ziwiri ndipo wayamba kuyankha mayi ake, Troy ali ndi zisanu ndi zinayi ndipo amangodya. Kuno chisanu kulibe, fumbi la chitsulo lokhalokha, moti galu wathu woyera uja tsopano ndi wofiira. Kudoko ntchito ndi yambiri, sitima zikungopanga mzere panyanja.

Zatimu ndamva, ndipo zandimvetsa chisoni. Koma Amayi, si Wirrindal yokha, ndi kulikonse. Anzanga kuno aliyense ali ndi kwawo kumene timu inafa. Ndaikamo madola 300. Muwagulire anyamatawo jezi zatsopano, kapena mowa. Anthu akamva kuti kuli mowa waulere mwina afika makumi atatu.

Za anthu a mu nkhunguwo ndiye sizinandisangalatse. Mumuuze Des akuperekezeni kwa dokotala ku Horsham akakuoneni. Ndipo makwerero aja muleke kukwera nokha m'mawa, matabwa ake anali ovunda kale ine ndili komweko.

Lorraine akupereka moni.

Mwana wanu,
Neville


Wirrindal
18 Julaye 1995

Neville mwana wanga,

Zikomo pondiuza za ana. Madola ako 300 ndi awa ndakubwezera. Sathamanga, sadumpha, ndipo woyimbira sangawawerenge ngati munthu.

Kwa dokotala ndinapita kale mu Epulo. Anandiuza kuti ndiyambire pa 100 ndizichotsera zisanu ndi ziwiri mobwerezabwereza. Ndinafika mpaka pa 2, kenako ndinamuuza kuti wotchi yake yapakhoma ikutsalira mphindi zitatu. Sanandiitanenso.

Ndikuona kuti ndinalemba mozungulira, ndiye tsopano ndinena mosabisa. Wosewera wathu Darren, mwana wa Col Petschel, akulowa usilikali pa 14 Ogasiti. Masewero athu omaliza a chaka ali pa 19 Ogasiti, pabwalo pathu pano, ndipo tikukumana ndi Mount Garvie yomweyo imene ikudikira kutimeza. Tsiku limenelo tidzakhala khumi ndi asanu ndi awiri.

Ndayenda tauni yonse. Tili anthu 212. Amuna a zaka zapakati pa 16 ndi 50 alipo 26. Khumi ndi asanu ndi awiri akusewera kale. Mwa asanu ndi anayi otsalawo, mmodzi ndi Darren, atatu ndi ovulala, mmodzi alibe nsapato pa chifukwa chomwe ndinakuuza, awiri amagwira ntchito ya njanji Loweruka, mmodzi saona bwino, ndipo womaliza ananditsekera chitseko ndisanamalize moni.

Ndikudziwa kuti munda unapita kwa Des, ndipo iwe unachoka mu 1984 ndi sutikesi imodzi. Ndinalipo pakhonde tsiku limenelo. Sindinalankhule, ndipo ndinayenera kulankhula. Pamaliro a abambo ako unakhala maola asanu ndi limodzi basi. Sindikukuitanira kumunda, kapena kuti udzakhale patebulo limodzi ndi mkulu wako. Ndikukupempha mphindi zana limodzi, zigawo zinayi za mphindi 25. Ukhoza kungoima pakati pa mitengo ya zigoli manja m'chiuno, bola woyimbira akuone.

Ndamuuza Des alembe dzina lako papepala la timu. Mpira uyamba 2 koloko masana. Ukachedwa usandifunefune, usapatse munthu moni, ungolowa m'bwalo chigawo choyamba chisanathe.

Lero m'mawa nkhungu inali yochepa ndipo anangooneka mitu yokha. Abambo ako anayang'ana kuwindo kamodzi, ngati akufunsa kuti kwatsala mphindi zingati.

Mayi ako,
Thelma Nuske


Wirrindal
30 Julaye 1995

Nev,

Ndine Des. Usadabwe, cholembera ndabwereka. Ndikhulupirira muli bwino nonse kumeneko ku ng'anjo kwanuko.

Amayi andiuza kuti akuitana. Usabwere. Uli ndi zaka 39, bondo lako linatsala pabwalo la Mount Garvie mu 1983, ndipo chithunzi cha Khirisimasi chomwe Lorraine anatumiza tinachiona tonse. Poyamba tinkayesa wanyamula thumba la ubweya wa nkhosa kutsogolo.

Ndikuuze zoona, mng'ono wanga, ine ndatopa. Ndine wapampando, ndine kaputeni, ndimadula udzu, ndimajambula mizere ndi laimu, ndimatsuka zimbudzi. Lachisanu lililonse ndimayimba lamya makomo makumi awiri kuchonderera amuna andevu kuti adzamenyedwe ndi mapointi zana Loweruka. A Mount Garvie ali ndi mabafa a madzi otentha ndi timu za ana ziwiri. Mwana wanga akakula azidzasewera ndi anzake a msinkhu wake, osati kupatsira mpira azigogo. Kumeneko n'kumene kukupita zinthu, tifune tisafune. Tikaphatikizana nawo, jezi idzakhala ya mitundu iwiri, dzina lidzakhala lalitali losakwana pabolodi, koma mpira udzakhalapo.

Chimene chikundivuta ndi Amayi. Dzulo ndinawapeza m'kachipinda kaja, mabulangete m'miyendo, akumwetulira pawindo, bwalo lili lokhalokha. Ndinati, Amayi tiyeni, kukuzizira. Iwo anati, dikira, abambo ako ali ndi mpira. Ndipo ndinadikira, Nev. Ndinaima pamenepo ngati chitsiru, chipewa m'manja, mpaka anati, chalowa, tiye tizipita. Sindikudziwa ngati timuyi ikuwasunga kapena ikuwatha. Mwina ikafa adzapuma.

Ndiye khala komweko uzidya nsomba zako. Dzina lako ndalemba papepala kuti Amayi asandivute, koma ngakhale utabwera sungamalize ndi chigawo chimodzi chomwe.

Des


Wirrindal
11 Ogasiti 1995

Neville,

Ndikhulupirira nonse muli bwino. Papita masiku 24 chitumizire kalata yanga. Ndafunsa kupositi kasanu ndi kamodzi. Ndamva, ndipo sindikukuimba mlandu. Ndi ulendo wa makilomita oposa 4,000, ndipo unali ndi ufulu wokana.

Ndikulemba kuti mtima wako ukhale pansi. Wa khumi ndi asanu ndi atatu wapezeka. Ndi Abusa Hoffrichter. Ali ndi zaka 61 ndipo mpira anaugwira komaliza mu 1957 ali kusukulu ya ubusa. Ndinawapeza akuthirira maluwa, ndipo ndinaima pageti mphindi makumi anayi mpaka anavomera. Magalasi awo tidzawamanga ndi chingwe. Afunsa ngati n'kololedwa kuvala sikafu, ndawauza kuti buku la malamulo silikanapo. Akuti adzaima pakona n'kumapemphera kuti mpira usabwere kwa iwo. Choncho usadzivute, takwana.

Lamulungu Des anandidutsitsa ku Tullich pochokera kwa azakhali ako. Ukukumbukira bwalo lawo lija, lomwe unamenyapo zigoli zisanu ndi zitatu uli ndi zaka 17? Analimapo tirigu. Mitengo ya zigoli inayi ikadali chiimire mbali imodzi, mwini munda amaizungulira ndi thirakitala. Mphepo inkawomba ndipo tirigu yense ankapendekera mbali imodzi ngati anthu akutsatira mpira ndi maso. Chiyambire 1960, matimu asanu ndi anayi a ligi yathu afa. Usiku wake ndinalota ndikuliza lipenga pamwamba pa munda wotero, lipengalo osatulutsa mawu, tirigu akungokula mpaka kufika pawindo.

Upsompsone ana.

Mayi ako,
Thelma Nuske


Port Hedland
16 Ogasiti 1995

Okondedwa Amayi,

Ndine Lorraine. Moni kuchokera kwa ine ndi ana, tonse tili bwino. Kalata yanu ya pa 11 yafika lero masana ndipo ndaitsegula ine, mundikhululukire, chifukwa mwini wake kulibe. Ananyamuka dzulo mbandakucha pa galimoto, akubwera kwanuko.

Anandiletsa kuyimba lamya. Anati galimoto ikafera pakati pa chipululu, kuli bwino musadziwe n'komwe kuti anayesa. Koma kalata sananene, ndipo ndikudziwa kuti ifika zonse zitachitika kale.

Kalata yanu ija ya mphindi zana anaiwerenga n'kuiika pamwamba pa firiji. Kenako inafika ya achimwene Des. Imeneyo ndiye anaiwerenga ataimirira, mokweza, khosi litafiira. Amvekere, “Thumba la ubweya! Akunena ine ameneyu? Munthu woti mpaka lero sangamenye ndi mwendo wamanzere?” Ine ndinati, “Nanga wanama?” Masiku awiri osandilankhula. Tsiku lachitatu ndinadzuka iye kulibe, akuthamanga m'mphepete mwa madamu a mchere, galu pambuyo. Wakhala akutero m'mawa uliwonse. Madzulo amatenga Janine kupita kubwalo la sukulu kukamenyerana mpira. Mtsikanayu amamenya kutali kuposa bambo ake, ndipo samubisira. Amati, “Adadi, muziyamba mwauzako bondo lanulo kuti tikupita kuti.”

Kuntchito amupatsa masiku khumi. Ndinamufunsa kuti akukayendetsa galimoto masiku anayi chifukwa cha mayi ake kapena chifukwa chofuna kutsutsa mkulu wake. Anati, “Akusowa munthu mmodzi,” n'kutseka chitseko.

Tsopano ndawerenga kuti Abusa alowa m'malo mwake, ndipo ndilibe njira yomuuzira. Sindikudziwa ngati ndiseke kapena ndilire. Chonde mundilembere mundiuze ngati wafika wamoyo.

Mpongozi wanu,
Lorraine


Wirrindal
22 Ogasiti 1995

Wokondedwa Lorraine,

Kalata yanu yafika lero m'mawa. Zikomo kwambiri, ndipo mupereke moni kwa Janine ndi Troy. Mwamuna wanu ali moyo. Wagona m'chipinda chake chakale, bondo latupa ngati dzungu, ndipo wadya masikono khumi ndi limodzi chifikire. Ndikuuzani zonse mwadongosolo, chifukwa iye akadzakuuzani adzawonjezera.

Loweruka nkhungu sinachoke tsiku lonse. Inangokwera pang'ono n'kukhala pamwamba pa mabulugama, dzuwa likuoneka ngati mbale yoyera. Magalimoto anali 64. Anthu anabwera ngati akubwera kudzazonda wodwala. M'kachipinda tinali awiri monga mwa lamulo, ine ndi Mavis Kroker, wosunga nthawi wa Mount Garvie, yemwe ndakhala naye pabenchi imodzi kawiri pachaka kwa zaka 22. Windo tinatseka chifukwa cha kuzizira.

Mpira usanayambe ndinawerenga athu. Anali khumi ndi asanu ndi atatu, Abusa ali pakona pawo ndi sikafu yofiira. Ndinaliza lipenga 2 koloko yeniyeni.

Ndili ndi chizolowezi chowerenganso osewera mpira uli mkati. Pa mphindi ya khumi ndi ziwiri ndinawerenga n'kupeza khumi ndi asanu ndi anayi. Ndinapukuta magalasi, ndinayambira mbali ina, chimodzimodzi. Kachitatu ndinawerenga ndi chala pagalasi la windo, ndipo chala chinaima pa munthu wina kutsogolo kwa zigoli. Jezi yake inali yaubweya, yakale, ya kolala, buluu wake wofwifwa. Nambala 9. Mutu wa imvi, mapewa aakulu, akuthamanga chopendekera kumanzere.

Mwina Neville anakuuzani kuti m'mawa ndimaona amuna anga malemu Otto akusewera mu nkhungu. Ndiye sindinadabwe, ndipo sindinachite mantha. Ndinangoti mumtima, nthawi zonse amachoka dzuwa likakwera, lero poti nkhungu yakhalitsa nayenso wakhalitsa. Mavis sindinamuuze. Ndinangokhala manja pamiyendo n'kumamuyang'ana. Mpira unabwera m'mwamba, ukutembenuka pang'onopang'ono, iye anakankha mnyamata wa Mount Garvie ndi chiuno, anauwakha pachifuwa, anabwerera m'mbuyo masitepe asanu ndi limodzi monga kale, n'kuumenya pakati penipeni. Mahutala ndinawamva m'matabwa a pansi pa mapazi anga. Chomwe chinandidabwitsa pang'ono n'chakuti a pabolodi lolembapo mapointi anakweza nambala. Ndinati, kodi ayamba kulemba ndi zigoli za akufa zomwe? Patapita mphindi zinayi anamenyanso china. Chigoli ndi mapointi asanu ndi limodzi, mpira wodutsa pambali pang'ono ndi pointi imodzi. Tinali ndi mapointi 26, iwo 9. Tinali tisanatsogolepo masewero alionse kwa zaka ziwiri.

Kenako woyimbira anaimitsa mpira. Pali lamulo lakale lakuti kaputeni akakayikira kuti anzake achuluka m'bwalo, akhoza kupempha kuti awerengedwe, ndipo akapezeka opitirira khumi ndi asanu ndi atatu, mapointi awo onse amafufutidwa. M'zaka 41 ndinali nditaziona kamodzi kokha, mu 1971. Wopemphayo anali Rodney Baum, kaputeni wa Mount Garvie, yemwe ndinamuphunzitsa masamu ali ndi zaka zisanu ndi zitatu.

Anawaimika athu pamzere pakati pa bwalo ngati ana asukulu. Ndinatsegula windo. Woyimbira ankayenda akugwira aliyense paphewa, ndipo anthu onse a kumpanda anayamba kuwerenga naye mokweza, a kwathu ndi a kwawo omwe, moti ngakhale khutu langa linamva. “Khumi ndi asanu ndi awiri! Khumi ndi asanu ndi atatu!” Nambala 9 anali kumapeto. Ine ndinkadikira kuti woyimbira amudutse osamuona. Koma dzanja linatera paphewa pake, ndipo silinapyole.

“Khumi ndi asanu ndi anayi!”

Mavis anandigwira mkono. Amvekere, “Thelma, si Neville wako uyo? Mayo, wanenepa bwanji!”

Anachita ndendende zomwe ndinamulembera. Anafika mochedwa, anavalira m'galimoto, sanapatse munthu moni, anadumpha mpanda n'kulowa. Anzake anamuona, koma aliyense ankayesa kuti wina watuluka. Jeziyo ndi ya abambo ake. Ndakhala ndikuifunafuna m'nyumba muno zaka zisanu ndi ziwiri, osadziwa kuti inapita naye tsiku la maliro.

A pabolodi anatsitsa 26 n'kuika 0. Ndiye muone zodabwitsa, Lorraine. Magalimoto onse 64 analiza mahutala, kuposa pa chigoli chilichonse. Amayi ogulitsa tiyi anatuluka ndi maepuloni akuvina. Col Petschel anagwada pamatope akuseka, misozi ili mbwe, akukuwa kuti, “Tachuluka! Anthu inu, Wirrindal yachuluka!” Abusa sanadikire kufunsidwa. Anakweza dzanja nati, “Wowonjezerayo ndine, ndine!” n'kuthamangira kunja, ndipo liwiro limenelo ndi lokhalo lomwe anaonetsa tsiku lonse.

Zomwe analankhulana ana anga pamzere paja wandiuza ndi Col, amene anaima pakati pawo. Des anati, “Ndinati usabwere, chitsiru iwe.” Neville anati, “N'chifukwa chake ndabwera.” Des anati, “Watidyera mapointi 26.” Neville anati, “Khumi ndi awiri anali anga omwe. Iwe unaikapo angati, mdala?” Des anamuyang'ana mimba nati, “Thumbali ukanalisiya m'galimoto.” Col akuti kenako onse awiri anayang'ana kumbali, wina uku wina uko, n'kumapukuta mphuno.

Pa nthawi yopuma Rodney Baum anakwera makwerero onse khumi ndi anayi, matope mpaka m'makutu, n'kuima pakhomo. Anati, “Aphunzitsi, pepani, ndinayenera kutero.” Ndinati, “Rodney, zakutengera mphindi khumi ndi imodzi kuwerenga anthu 19. Ndinakuphunzitsa ine kapena wina?” Anakanda mutu nati, “Ndinawerenga msanga, aphunzitsi. Ndimafuna ndione ngati bamboyo amenyanso china.”

Tinagonja ndi mapointi 128 kwa 23. Koma tinagonja titasewera, ndipo mlembi wa ligi wasaina pepala. Dzina la Wirrindal likhalapo mpaka Epulo. Sindikudzinamiza. Ndawerenga kale a chaka chamawa ndipo ndikupeza khumi ndi asanu, ndipo Des akunena zoona pa nkhani ya ana. Mwina chaka chamawa ndi chomaliza. Koma sichinali chino.

Neville akuti anyamuka Lachinayi. Za chaka chamawa sindinamufunse. Dzulo iye ndi Des anapita kukaona tirigu wa kumpoto pa galimoto imodzi, anakhalako maola atatu, ndipo anabwera akukangana za feteleza.

Apongozi anu,
Thelma Nuske

Ndatsegulanso envulopu kuti ndiwonjezere ichi, poti inu muli kutali ndipo simudziwana ndi a ligi. Chigawo chomaliza chitafika mphindi 25, chala changa chinali kale pa batani la lipenga. Dzuwa linali litatsika pansi pa nkhungu ndipo bwalo lonse linasanduka lachikasu, nthunzi ikufuka pamisana ya osewera. Neville anali akutsimphina kutsogolo kwa zigoli, dzanja m'mwamba, ndipo Des ankabwera ndi mpira kuchokera pakati, akumufunafuna ndi maso.

Mavis anati, “Thelma, nthawi.”

Ndinati, “Ndaona.”

Anayang'ana wotchi yake, anandiyang'ana ine, kenako anaitembenuza chafufumimba patebulo n'kutsegula fulasiki ya tiyi. Anati, “Yangayi ikumathamanga masiku ano. Uthira shuga?”

Des anamenya, Neville anaugwetsa. Unapita mbali ina, unabweranso, Des anamenyanso. Lipenga ndinaliza ndithu, pambuyo pake. M'buku, pamalo olemba kutalika kwa chigawo chachinayi, sindinalembepo kanthu. Sindikudziwa kuti zinali mphindi zingati, Lorraine. Sindinawerenge.